Za Nyangu, Make wa Mafumu a Amaravi

Ife a kuno ku Chonde tidziwa bwino kuti mfumu ikamwalira, akulu sayamba afunsa za mwana wake, koma za mwana wa mlongo wake. Alhomwe atero, ndipo Amang'anja, amene anayamba kukhala m'dziko lino la Mulanje, ateronso. Tsono tifuna kukumbutsa awerengi athu za mkazi amene mwambo umenewu unamkweza koposa akazi onse a Amaravi, ndiye Nyangu.

Makolo asimba kuti Aphiri pochokera ku Uluwa anadza naye Nyangu, ndipo dzina lake linasanduka la udindo, lolowana monga la Kalonga. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kunali akazi awiri omveka. Mwali, wa mfunda wa Banda, ndiye anali mkazi wamkulu wa Kalonga, koma ana ake sakadatha kulowa ufumu. Nyangu, make kapena mlongo wake wa Kalonga, yekhayo ndiye anabala mafumu.

Zaka zoposa 400 zapitazo, atamwalira Kalonga wina, mbale wake Undi anayesa kuti ufumu ngwake. Koma akulu a pabwalo anapangana, namlambalala, nalonga wina. Undi sanautse nkhondo ayi. Ananyamuka kulowa kumadzulo pamodzi ndi Nyangu ndi mbumba yachifumu, nakamanga ku Mano, m'dziko limene lero lili m'chigawo cha Tete. Ena anena za ulendowu ngati kuti Undi anangomsenza Nyangu monga katundu. Ife sititero. Mayi amene mbumba yonse imvera mawu ake sachoka pamudzi mokokedwa. Tiyesa kuti nayenso anaweruza mlanduwo mumtima mwake, ndipo chiweruzo chake chinaposa cha amuna aja kulemera.

Pakuti taonani chimene chinawagwera opanganawo: anatsala ndi mtsuko, chitsime chitawachokera. Mwambo unena kuti pambuyo pake, pofuna wolowa dzina la Kalonga, anayenera kutuma mithenga kwa Undi, kumene kunali ana a Nyangu. Mphamvu ya nkhondo inalipobe ndithu: Kalonga Muzura anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi mu 1608, ndipo mu 1622 anagonjetsa Lundu, mfumu yaikulu ya Amang'anja. Koma mikondo siibala mwana wa mlongo.

Ufumu wa ku Mankhamba unatha m'zaka za m'ma 1860, pamene Kalonga Sosola anaphedwa pa nkhondo ya Ayao. Dzina la Kalonga lakhala tsopano kwa Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a maiko atatu asonkhana mwezi wa August kukalamba. Ndipo m'nyumba imeneyo Nyangu alimo kufikira lero.