Masamba a gwafa padooko la Chanyanya

Adzukulu anga, inu gwafa mumamudziwa ngati chipatso chogenda ndi miyala pobwera kusukulu. Ife mtengo umenewu tinkausamala chifukwa cha masamba ake.

Kalelo, damu la Itezhi-Tezhi lisanamalizidwe mu 1977, dzinja likafika madzi a Kafue ankasefukira m'dambo monse mwaufulu. Asodzi a kuno ku Chanyanya ankapalasa mabwato n'kukagonera kuzitunda kwa masabata, akumwa madzi omwewo amene ankatumbuliramo milamba. M'mimba simunkachedwa kutseguka.

N'chifukwa chake agogo anu aakazi sankalola bwato kunyamuka popanda kamtolo ka gwafa. Sankathyola chisawawa ayi. Ankasankha nsonga zanthete, zija zofiirira, n'kuziyanika pamthunzi. Wodwala ankawiritsa dzanja limodzi la masamba mpaka madzi atada, n'kumamwa pang'onopang'ono akazizira. Wopanda moto ankangotafuna nsonga zaziwisi. Khambi lake, ana inu, lilime limachita kuuma gwa! Koma mphamvu ili m'khambi momwemo. Ophunzira anapima masambawa napezamo tannin ndi quercetin, zimene zimachepetsa kupotokola ndi kuthamanga kwa m'matumbo.

Ndipotu mtengowu si wakuno. Kwawo ndi kumaiko otentha a ku America, ndipo Apwitikizi ndi Asipanya ndiwo anaufalitsa kutsidya kwa nyanja. Makolo athu anaulandira mlendoyu, namuyesa okha mpaka atadziwa ntchito yake.

Ankadziwanso pamene ntchitoyo imathera, ndipo apa ndi pomwe achinyamata ena akusokera lero. Munthu akayamba kupambuka madzi oyera ngati otsukira mpunga, maso n'kulowa m'kati, imeneyo ndi kolera. Imatha madzi m'thupi pa maola ochepa, ndipo gwafa sabwezera madziwo. Simunaiwale za mu Januwale 2024, pamene bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala cha odwala kolera.

Choncho masamba wiritsani ndithu m'mimba mukangovuta pang'ono. Koma akadwala mwana wakhanda, kapena mukaona magazi m'chimbudzi, kapena madzi oyera aja, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, muzimumwetsa muli panjira yopita kuchipatala. Musadikire kuti kuche.