Mungu wa duwa

Mnyamata wina pa doko la Mbamba, kuno ku Likoma, adadabwa atamva kuti njuchi zimanyamula mungu. Iye adazolowera nyimbo za Chiswahili, momwe Mungu ndi Mulungu. Mawu awiri amenewo ngapachibale ndithu, koma mungu wa m'Chichewa ndi chinthu china: ndi ufa wachikasu wa m'duwa, umene umachititsa chomera kubereka. Mawuwa sitidabwereke kwa Azungu ayi. Alimi akhala akuwatchula kuyambira kale, poona ufa ukuyoyoka ku ngayaye za chimanga n'kugwera pa ndevu zake.

Tatengani duwa la rozi, monga lija amagwira mkwatibwi potuluka m'tchalitchi cha St Peter's. Samalani minga, kenaka mutambasule timasamba take tofewa. Pakati mupeza timaulusi tambiri tokhala ndi timitu tachikasu. Mukakhudza, chala chiyera ufa. Ndiwo mungu umenewo. Njuchi ikaupititsa pa duwa lina, kachotupa ka m'munsi mwa duwalo kamakhwima n'kukhala kachipatso kofiira ka njere m'kati.

Mango athu pachilumba pano amaberekanso chonchi. Koma duwa likakhala lapulasitiki, musavutike n'kufufuza, mulibe mungu.