Oimba Amene Anaumba Umalawi Wathu

Anzanga amene tinaphunzira limodzi kuno ku Mulanje, mukukumbukira kuti tinkaimba nyimbo ya fuko tili pa mzere. Anaipeka ndi a Michael Sauka, ndipo dziko linayamba kuiimba m'chaka cha 1964. Koma ine ndimati Umalawi wathu sunaumbidwe pa mzere pokha ayi.

M'chaka cha 1968 chipani cha Kongeresi chinagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko, ndipo wailesi ya MBC inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi basi. Chilomwe cha agogo athu chinatsalira m'makomo ndi m'minda ya tiyi. Apa ndi pamene ndimawatamanda a Allan Namoko, bambo wosaona uja wa ku Thyolo. Ndi banjo yawo ndi gulu la Chimvu River Jazz Band, iwo ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe. Anthu akutali, osadziwa n'komwe kumene kuli Chimvu, ankavina "Lameki" ngati nyimbo ya kwawo. Anamwalira m'chaka cha 1995.

Tchopa naye anadikira nthawi yaitali. Gule amene ena ankamunyoza kuti ngwachikunja, bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa zachikhalidwe wa dziko lonse lapansi mu 2014. Ng'oma zake zimagunda pa Chonde, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe.