Za Mpingo wa pa Mphunzi ndi Malire Ace

Munthu akacoka pa Boma la Dedza kulinga kumadzulo, aona mapiri a miyala oima paokhapaokha pakati pa minda, limodzi la awa ndilo Mphunzi. Dziko lace nlokwezeka ndi lozizira, kotero kuti m'mwezi wa June ana afika ku sukulu manja ali m'khwapa. Madzi a mbali yino atsikira ku Linthipe, nalowa m'Nyanja. Koma a kuseri kwa zitunda za kumwera amuka ku Zambezi. Sungani mau awa a madzi, pakuti mbiri ya mpingo uno yagona pomwepo.

Sitiyesa kuti phirili linayamba ndi ife. M'mapanga mwace muli zolemba zofiira za Akafula, ndi zoyera za makolo athu Acewa, zonena za cinamwali ndi za Nyau. Ndipo m'caka ca 2006 a UNESCO anaika malo otere 127 a dera la Chongoni pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi. Pambuyo pace kunadza Angoni a kwa Maseko, nakhazikika pa Domwe, ndipo Acewa ambiri anathawira m'mapiri.

M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anapangana kuti malire ao adzatsata pogawikana madzi paja. Sanafunse mwini mudzi ndi mmodzi yense. Munthu anapeza kuti munda wace uli kwa Angerezi, manda a amace kwa Apwitikizi. Ndi Domwe yemwe anagwa tsidya lija.

Amisyoni a Dutch Reformed Church anayamba pa Mvera m'1889, ndiwo A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, namanga pa Nkhoma m'1896, pa Mlanda m'1902, ndi pano pa Mphunzi m'1903. Posacedwa A.G. Murray anaoloka malire, natsegula Mphatso m'dziko la Angonia, kumene anthu alankhula cinenero cathu comwe. Koma m'1922 Boma la Apwitikizi linaletsa nchitoyo, ndipo amisyoni anacoka.

Apa ndipo tifuna kuti muyambe mwaima. Nkhosa za tsidya lija zinatsala zopanda mbusa zaka zambiri, koma sizinabalalike zonse. Akulu a mpingo anasonkhanitsa anthu m'midzi. Ndipo pofuna ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye, Akristu anali kuyenda pansi ulendo wautali, kamba pamutu, mwana kumbuyo, kudza ku mipingo ya mbali yino, monga Mlanda ndi Mphunzi. Ife amene tidandaula pamene nyumba ya mapemphero ili kuseri kwa dambo limodzi, tiyenera kucita manyazi pang'ono. Tiyesa kuti imeneyi ndiyo nchito yoposa m'mbiri ya mipingo ya m'malire yino, ngakhale maina a ambiri oyendawo sakumbukika.

Njira zomwezo zinadzalanso m'1986, pamene nkhondo ya m'Mozambique inakula. Anthu anatsikira ku Dedza ndi ku Ntcheu miyandamiyanda, kufikira othawa m'Malawi monse anakwana ngati 1,000,000. Ndipo m'midzi yambiri olandira ndi olandiridwa anali a pfuko limodzi. Mtendere utapanganidwa ku Rome m'1992, ambiri anasenza akatundu ao, nabwerera ku mabwinja ao kuseri kwa zitunda.