Green wa ku Makata ndi Carlsberg wa ku Copenhagen: kodi ndi mowa umodzi?

Mkangano uwu sukalamba. Amene anapondako ku Denmark amalumbira kuti Carlsberg wa kumeneko ndiye weniweni, wathuyu ndi wongoyerekeza. Abale athu a ku UK akuti ayi, wa kumeneko ndi madzi, akusowa Green wa kumudzi. Kodi ndi lilime kapena ndi mtima chabe? Mbiri ili ndi yankho.

J.C. Jacobsen anayamba kufulula mowawu ku Copenhagen mu 1847, ndipo dzinalo analitenga kwa mwana wake Carl. Nthawi imeneyo mowa sumakoma chimodzimodzi ngakhale pa fakitale imodzi, chifukwa yisiti inkakhala yosakanikirana ndi ina yam'tchire. Lero wakoma, mawa wasasa. Mu 1883, Emil Christian Hansen, katswiri wa mu labotale ya Carlsberg, anakwanitsa kupatula mtundu umodzi wa yisiti n'kumaubereketsa pawokha. Apa m'pamene zinayamba kutheka kufulula mowa wofanana m'malo otalikirana.

Komabe kwa zaka zambiri Carlsberg ankangotumiza mowa kunja pa sitima. Fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark inatsegulidwa mu 1968, ndipo sinali ku London kapena ku Johannesburg. Inali ku Blantyre konkuno. Choncho Green si mlendo, ali ndi zaka zoposa 50 pa Malawi pano. Mu 2016 kampaniyi inagulitsa magawo ake kwa Castel ya ku France, mogwirizana kuti dzinalo lipitirire.

Ndiye ngati dzina ndi limodzi, kusiyana kukuchokera pati?

Choyamba, eni ake amasintha dala. Ku Denmark mphamvu ya Carlsberg ndi 4.6 peresenti, pomwe wa ku UK, wofululidwa ku Northampton, anakhala zaka zambiri pa 3.8, m'dziko limene msonkho umakwera ndi mphamvu ya mowa. Abale aja sakunama. Guinness ndiye amachita kuonetsera: wa pampopi ku Dublin ndi 4.2, wa m'botolo ku Nigeria ndi 7.5. Boma la Nigeria litaletsa kuitanitsa chimera cha balere kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ofulula anatembenukira ku mapira, ndipo anthu anazolowera kukoma kumeneko.

Chachiwiri ndi madzi. Mowa wotere, magawo oposa 90 pa 100 ndi madzi. Madzi a ku Pilsen, kumene mtundu wa pilsner unabadwira mu 1842, alibe mchere wambiri wa m'nthaka. A ku Burton ku England ali nawo wochuluka, ndipo mowa wake unkatuluka wowawirako. Masiku ano mafakitale amakonza madzi asanafulule, motero kusiyanaku kunachepa.

Chachitatu, chimene ambiri sitichiganizira, ndi ulendo. Mowa wa mtundu uwu sukoma ndi kukalamba. Wochokera ku Ulaya umakhala masabata panyanja, n'kudikira padoko ngati la Beira kapena Durban, kenako pa thiraki padzuwa. Kutentha kumaukalambitsa msanga, umayamba kumveka ngati katoni yonyowa. Kuwala nako kukalowa m'botolo kumasokoneza hops, n'kutulutsa kafungo konyansa, ndipo botolo lobiriwira limateteza pang'ono poyerekeza ndi lofiirira.

Apa ndiye pali nkhani. Kafungo kaja kamene ena amati "ka kunja", n'kumalipira ndalama zambiri kuti akamve, nthawi zina ndi chizindikiro chakuti mowawo watopa panjira. Tinazolowera kuganiza kuti chilichonse chowoloka nyanja n'chapamwamba, kaya ndi nsapato, kaya ndi digiri. Pa mowa, maganizo amenewa amatipusitsa.

Inde, amasiyana. Koma musanafunse kuti botolo lachokera dziko liti, yang'anani mphamvu yolembedwa pachikutopo, tsiku lake, ndiponso pamene wogulitsa amalisunga. Kireti yokhala padzuwa pakhonde la golosale siisamala kuti inabadwira ku Copenhagen kapena ku Makata.