Chotupa cha m'fupa la phazi: zizindikiro ndi chithandizo chake

Phazi likatupa n'kumapweteka kwa masabata angapo, ambiri amati abinya, ena amati aponda mankhwala oipa. Koma nthawi zina gwero lake limakhala chotupa chomera m'kati mwa fupa, chimene madokotala amachitcha giant cell tumour. Dzinali lidabwera kaamba ka maselo akuluakulu amene amaoneka pochiyeza.

Ndi chotupa chanji?

Kawirikawiri chotupachi si khansa, koma chimadya fupa ngati chiswe mpaka limatha kuthyoka popanda ngozi yeniyeni. Chimakonda kugwira anthu a zaka pakati pa 20 ndi 40, ndipo chimapezeka kwambiri pafupi ndi bondo. Kuphazi chimabwera mwa apo ndi apo, makamaka m'fupa la chidendene, la pakakolo kapena m'mafupa opita kuzala. Mwa odwala ochepa chimafalikira kumapapo.

Zizindikiro

Ululu umayamba pang'onopang'ono ndipo umakula munthu akaponda pansi. Kenako phazi limatupa, nsapato imathina, munthu n'kuyamba kutsimphina. Kwa msodzi wa ku Makanjira kapena mlimi wa ku Namwera, izi zimaimitsa ntchito yodyetsa banja.

Kuyeza

Kutema mphini kapena kuthowa sikuchotsa chotupachi. Choyamba ndi kujambula phazi pa X-ray, monga pa chipatala cha boma cha Mangochi. Chithunzi chikaonetsa fupa lodyeka, wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu, monga cha Zomba kapena cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Madokotala amadula kachidutswa ka chotupacho n'kukayeza, chifukwa khansa ndi TB ya m'mafupa zimatha kuoneka chimodzimodzi.

Chithandizo

Chithandizo chenicheni ndi opaleshoni. Chotupa chikapezeka msanga, dokotala amachipala n'kutseka mphakoyo ndi simenti yachipatala kapena fupa lotengedwa m'chiuno mwa wodwalayo. Chikakula, amachotsa fupa lonselo, ndipo chikafika poipa amadula mbali ya phazi kapena phazi lonse. Mankhwala a denosumab, amene dziko la America lidawavomereza pa matendawa mu 2013, amathandiza pamene opaleshoni yavuta, koma ndi okwera mtengo.

Chotupachi chimatha kuphukanso, makamaka m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira. N'chifukwa chake wodwala amayenera kubwerera kuchipatala pa masiku onse amene wapatsidwa, ngakhale ululu utatha.