Chidziwitso: Udindo wa Mwini Akaunti Ndalama Zikachotsedwa pa Foni Popanda Chilolezo

M'madera a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, kuyambira ku Benga ndi ku Chia mpaka ku Dwangwa, malonda ambiri a nsomba ndi mpunga amalipiridwa kudzera pa foni ya m'manja. Msodzi akagulitsa usipa kwa wamalonda wa ku Lilongwe, ndalama yake imalowa pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Chidziwitso chino chikufotokoza amene amasenza udindo ndalamayo ikachoka mwini wake asanalole.

Malamulo oyang'anira

Makampani osunga ndi kutumiza ndalama pa foni amayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi, motsatira lamulo la Payment Systems Act la 2016 ndi malamulo a ndalama za pa foni a 2019. Kampani iliyonse iyenera kukhala ndi njira yolandirira ndi kufufuzira madandaulo. Kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu malinga ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016.

Pamene udindo umagwera mwini akaunti

Mgwirizano umene munthu amavomera potsegula akaunti umamupatsa udindo wosunga nambala yake yachinsinsi. Makina a kampani amatenga malipiro aliwonse otsimikizidwa ndi nambalayo ngati ochokera kwa mwini wake. Choncho amene wauza nambalayi ejenti, mnzake wa m'boti kapena munthu woimba foni monamizira kuti ndi wa kampani, kawirikawiri amaluza yekha. N'chimodzimodzi ndi amene watumiza ndalama ndi manja ake atanyengedwa ndi uthenga wabodza wakuti wina wamutumizira ndalama molakwitsa.

Pamene kampani iyenera kuyankha

Ngati ndalama yachoka chifukwa cha vuto la makina, chinyengo cha wogwira ntchito, kapena chifukwa nambala ya foni yapatsidwa kwa munthu wina popanda kutsimikiza chiphaso chake cha unzika, mwini akaunti ali ndi ufulu wopempha kampani kuti ifufuze ndi kumubwezera ndalama yake.

Zoyenera kuchita

Nthawi ndi yofunika, pakuti mbava zimatapa ndalama mwamsanga. Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, kapena mukaona malipiro achilendo, dziwitsani kampani nthawi yomweyo kuti itseke akaunti, ndipo lembani nambala ya dandaulo lanu. Musafufute mauthenga a malipiro, chifukwa ndiwo umboni wanu. Kanenaninso ku polisi ya Nkhotakota kapena ya Nkhunga ku Dwangwa. Ngati simunakhutire ndi yankho la kampani, tumizani dandaulo lolemba ku Reserve Bank of Malawi.

Anthu onse akukumbutsidwa kuti palibe wogwira ntchito wa kampani, wa banki kapena wa boma amene ali ndi chilolezo chofunsa munthu nambala yake yachinsinsi.